Zigamba za Anti Tusa

Linali Lachinayi madzulo, mwezi wa November, nyengo imene ku Dublin kumada anthu asanaweruke. Kunja kunkawaza kamvula kosadziwika bwino ngati ndi mvula kapena nkhungu. Esnat anali atangofika kuchokera kuntchito, kunyumba yosamalira okalamba ku Swords, dera lomwe ankakhala. Asanavule n'komwe yunifomu, amuna ake a Ellard anayamba nkhani ija.

"Matumba aja achoka liti?"

"Ndikuwaganizira."

"Mwakhala mukuwaganizira kuyambira liti? Mapopa akubwera mwezi wamawa kudzayamba sukulu. Mng'ono wanga azidzagona pamwamba pa nsanza?"

Esnat anangotsegula mpopi n'kuyamba kutsuka kapu yoyera kale.

Matumbawo anali a Anti Tusa. Dzina lawo lenileni linali Tusajigwe, mayi wa ku Karonga amene anabwera ku Ireland ngati nesi kalekale, Amalawi akadali owerengeka mumzindamo. Atapuma pantchito anakhala okha ku Ballymun, m'kanyumba ka khonsolo, iwo ndi makina awo osokera. Madiresi sankasoka. Ankasoka zofunda za zigamba. Ankadula nsalu tizidutswa tofanana mbali zonse zinayi, n'kumatilumikiza kamodzikamodzi mpaka chituluke chofunda chokuta bedi lonse.

Nsalu anali nazo zosayamba. Chipinda chathunthu, kuyambira pansi mpaka kudenga. Aliyense wopita kumudzi ankadziwa kuti pobwera ayenera kuwatengera chitenje. Koma munalinso nsalu za mtundu wina. Munthu akaferedwa kumudzi, iye n'kulephera kukafika pamaliro, abale ankamutumizira chovala cha malemuyo: malaya a bambo, duku la mayi, siketi ya mchemwali. Chovalacho ankapita nacho ku Ballymun.

"Akumudzi amakalira kumanda," ankatero Anti Tusa, mapini ali pakamwa. "Ife kuno manda tilibe. Tizilira m'chofunda."

Vuto linali lakuti ankasoka mosathamanga. Anthu ambiri anali akudikirabe zofunda zawo pamene Anti anagona tsiku lina mwezi wa September osadzukanso. Thupi linatumizidwa ku Karonga. A khonsolo anafuna nyumba yawo. Pa mwambo wowakumbukira, muholo ya tchalitchi, wina anafunsa kuti nanga nsalu zija zipita kuti. Anthu anayang'anana. Nyumba za kuno n'zazing'ono, aliyense amadziwa.

Ndiye anaimirira Esnat, wapampando wa amayi a mpingo, atavala zoyera zake zowala.

"Abale, musade nkhawa. Nsalu zonse ndisunga ine. Aliyense adzalandira chake, ngakhale kansanza kochepa ngati chikhatho."

Amayi analulutira. Abusa anamutchula m'pemphero lotsekera. Esnat anabwerera kunyumba tsiku limenelo akumva kukoma mumtima.

Kukomako kunatha matumba atalowa m'nyumba. Anali matumba akuda apulasitiki, odzaza kachipinda kogona alendo moti chitseko chinkatsegukira theka. Fungo lake linali la mankhwala othamangitsa njenjete, losakanikirana ndi la mafuta a makina, fungo la Anti Tusa lenileni. Linkafika mpaka kukhitchini.

Madzulo a Lachinayi limenelo, a Ellard atanyamuka kupita ku shifiti yawo ya usiku kubwalo la ndege, Esnat analowa m'kachipindamo. Anati angoona. Anamasula thumba loyamba, kenako lachiwiri. Munali zitenje zatsopano zosadula, zolimba ndi sitachi, zina za mtundu umene kumudzi amavala akazi a mabwana. Izo anazipinda bwinobwino n'kuziika musutikesi yake. Zina zonse zinali zakutha: makolala operepeseka, maduku ofwifwa, tizidutswa tong'ambika m'mbali.

Ankadziwa kuti zimenezo n'chiyani. Palibe chifukwa chomuikira kumbuyo. Koma anadziuza kuti papita miyezi iwiri popanda wofunsa, ndiye kuti anthu anaiwala. Anadziuzanso kuti akufa savala.

Anakweza matumba m'galimoto.

Kuseri kwa sitolo yaikulu ya m'dera lawo, pakona ya malo oimika magalimoto, pali chibini chachitsulo choponyamo zovala zakale. Chili ndi kachitseko kolemera kumtunda. Ukaponya thumba n'kukasiya, kamadzimenya kokha kuti phwa! Esnat anapitako maulendo angapo, akuyang'ana uku ndi uku ngati wakuba nkhuku. Panalibe munthu. Thumba lililonse linkagwera m'kati, kachitseko n'kulira.

Thumba lomaliza linakana. Analikankha ndi manja onse, osatheka. Anati apume kaye. Pamenepo thumbalo linachoka m'manja mwake lokha, pang'onopang'ono, monga mmene katundu amachokera m'manja mwako wina akamakulandira. Kachitseko kanatsika mwaulemu, osalira.

Esnat anaima kanthawi. Kenako anathamangira m'galimoto.

Lamlungu, mapemphero atatha, anthu akumwa tiyi muholo, wina anamugwira pamkono. Anali Mavis, mayi wa ku Chipata ku Zambia, wosalankhulalankhula, amene ankagwira ntchito yokonza m'maofesi kubwalo la ndege. Mavis anabwera ku Ireland atasiya mwana wake wamkazi, Yande, m'manja mwa amayi ake, poganiza kuti mapepala akatheka adzamutenga. Mwanayo anadwala malungo n'kumwalira mapepala asanatheke. Mavis maliro anawaonera pa foni.

"Ba Esnat, pepani kuvutitsa," anatero motsitsa mawu. "Pali kachitenge kamene n'napeleka kuli ba Anti. Kakale chabe, ka buluu, kali na tunkhanga. Ndiye kamene n'nali kupapila Yande. Sabata yamawa ni tsiku yamene anabadwa. Olo sikanasokedwe, nifunako chabe kukagwila."

Esnat anamva tiyi akuwawa m'kamwa. Kansalu ka tinkhanga anakakumbukira. Kanali kofewa ngati ubweya wa mwana wa mphaka, kothothoka pakati pomwe pamakhala msana wa mwana. Anakagwira Lachinayi lija, n'kukaponya pamulu wa zotaya.

"Kalipo," anatero, akumwetulira. "Zonse zili bwinobwino. Mundipatse masiku ochepa ndikafufuze."

"Mulungu akudaliseni, ba Esnat."

Mawa lake, pa nthawi yopuma, anabisala m'galimoto n'kuimba nambala yolembedwa pa chibini chija. Anayankha bambo wina waulemu. Anati za m'bini imeneyo anatenga kale Loweruka. Zovala zabwino amazimanga m'mabelo n'kuzitumiza kunja. Zakutha amazigaya m'makina, zimakakhala zopukutira mafuta m'magalaja.

"Mwataya chinthu chodula, mayi?"

"Ayi," anatero Esnat. "Sichodula."

Chibowo choyamba anachipeza Lachitatu m'mawa. Chinali kumsana kwa yunifomu yake, m'munsi mwa phewa. Sichinali chong'ambika. Chinali chodulidwa, mbali zinayi zofanana, mizere yowongoka ngati wina anachita kuyeza. Anaganiza kuti mwina ndi makina ochapira. Anavala ina n'kupita kuntchito.

Tsiku lotsatira chinali pa malaya a a Ellard a kutchalitchi. Kenako pa katani ya pabalaza. Kenako pa nsalu ya patebulo.

"Njenjete zimenezi zabwera ndi nsanza zanu zija," anatero a Ellard, atakweza malaya awo kuwindo, akusuzumira pachibowo ndi diso limodzi. Kenako anasiya kuseka. "Koma njenjete yake inapita kusukulu. Taonani mmene yadulira."

Iwo ankadziwa kuti matumba anapita kunyumba kwa mayi wina wa mpingo. Ndi zimene Esnat anawauza.

Esnat anasonkhanitsa masizasi onse a m'nyumba, ngakhale kowengera zikhadabo, n'kukawatsekera m'galimoto. Anapemphera chogwada. Anawaza mchere pakhomo, chinthu chimene iye mwini ankadzudzula amayi ena kuti n'chachikunja. M'mawa mwake anatsegula kabati n'kupeza bulauzi yake yoyera ya umayi wa mpingo ili ndi chibowo pachifuwa, mbali ya kumanzere.

Zitenje zatsopano za musutikesi sizinakhudzidwe. Ankazifunyulula tsiku ndi tsiku, zonse zili zamphumphu.

Mavis sanamuvutitse. Anangotumiza uthenga umodzi pa foni, wa manja awiri opemphera. Esnat anauona, osayankha. Lamlungu lotsatira ananamizira mutu, sanapite kutchalitchi.

Kenako kunayamba phokoso. Linkabwera pakati pa usiku, makamaka a Ellard akakhala kuntchito. Khwe. Khwe. Khwe. Sizasi yaikulu ikudya nsalu mosapupuluma. Limveke pabalaza, lisiye. Limveke pamasitepe, lisiye. Esnat ankafunda kumutu, akutchula mavesi onse amene ankawadziwa. Tsiku lina anadzuka akumva kuzizira pantchafu. Diresi logonera limene anavala linali ndi chibowo. Khungu silinakandike ngakhale pang'ono.

Akanatha kuuza amuna ake. Akanatha kuimbira abusa. Koma kuti anene za sizasi anayenera kuyambira pa matumba, ndipo pakamwa pake pankakana. Mantha anali aakulu, koma manyazi anali aakulu kuposa mantha.

Usiku wa tsiku lobadwa la Yande, a Ellard anali kuntchito. Mvula inali itakata. Kunja kunali zii, kuzizira kolasa m'mafupa. Esnat anagona magetsi onse ali oyaka. Sizasi sinamveke. Anayamba kusinza.

Go, go, go.

Anatsegula maso.

"Odi."

Mawu ake anali apansipansi, otuluka pakona ya mlomo, ngati a munthu amene waluma kanthu. Ku Swords kulibe amene amaodira. Anthu amaliza belu, kapena kuimba foni ali pakhomo.

"Odi kuno."

Esnat sanadziwe mmene anatsikira masitepe. Anangozindikira waima kuseri kwa chitseko, dzanja lili pa loko. Fungo la mankhwala a njenjete linali ponseponse. Anatsegula.

Pakhomo panalibe munthu. Koma kumapeto kwa msewu, pansi pa getsi, panali mayi wamfupi wojintcha, atasenza thumba lalikulu pamutu. Sanaligwirire. Ankayenda motsimphina pang'ono, mwendo wamanzere ukutsalira. Anafika pakona, anaima, osacheuka. Ankadikira.

Esnat anabwerera m'chipinda mwake. Maganizo amene anamubwerera anali amodzi okha: akufuna zinthu zawo, ndiwabwezere. Anakoka sutikesi ya zitenje, n'kutuluka ndi diresi logonera ndi masilipasi, chitseko n'kuchisiya pululu.

Mayi uja anayamba kuyenda. Esnat akafulumira, mtunda pakati pawo unkakhala womwewo. Akachedwa, unkakhalabe womwewo. Anadutsa nyumba zogona anthu, mawindo onse ali bii. Matayala a sutikesi ankalira pamsewu wonyowa, ndipo phokoso linali lokhalo. Mapazi a mayi uja sankamveka. Nkhandwe ina imene inkafunkha zinyalala inadzutsa mutu, inayang'ana kutsogolo kwa Esnat, n'kuthawa mchira uli pansi.

Anafika kuseri kwa sitolo.

Malo oimika magalimoto anali mbee, opanda galimoto ndi imodzi yomwe. Mayi uja anali atakhala kale pansi pafupi ndi chibini, miyendo atatambasula, mutu atawerama. Duku linabisa nkhope. Patsogolo pake, pa tala wonyowa, anali atayala chofunda chachikulu. Dzanja linkakwera ndi kutsika, kukoka ulusi.

Esnat anagwada patali.

"Anti," anatero. Mawu anatuluka ngati a mwana. "Ndabweretsa."

Anatsegula sutikesi n'kuikankhira kutsogolo. Dzanja lija silinasiye kusoka.

"Izo n'zogula. Sizinavalidwepo ndi munthu."

"Anti, ndinalakwa."

"Gwira uko. Kukupindika."

Esnat anakwawa n'kugwira ngodya ya chofunda. Chinali chouma, chofunda ngati changochotsedwa pathupi pa munthu. Anachiyang'ana. Anaona buluu wa yunifomu yake. Anaona mizere ya malaya a amuna ake, maluwa a katani yake, kuyera kwa bulauzi yake ya mpingo. Zigamba zake zonse zinali m'menemo, zosokedwa bwino ndi timisoko ting'onoting'ono tofanana. Koma zinali zochepa. Mbali yaikulu ya chofundacho inali mipata yokhayokha, tala wakuda akuonekera pansi.

"Apa panali pa bambo ake a Enos," anatero mawu aja, chala chikuloza mpata umodzi. "Apa pa mchemwali wake wa Chilufya. Apa pa mayi ake a abusa." Chala chinkayenda, mayina akutuluka, ena a anthu amene Esnat ankadya nawo mgonero. Kenako chinaima pakati penipeni. "Apa ndiye sindikupeza choikapo. Nsalu ya munthu wamkulu siikhala apa. Ndayesa."

Esnat analira.

"Anazigaya, Anti. Ndinaimba foni. Anati anazigaya."

"Kali m'katimo. Pansi penipeni. Ine mkono wanga ndi waufupi." Mutu uja unapendekera ku chibini. "Unaponya ndiwe. Kapise."

Esnat anadzuka.  Anakweza kachitseko kachitsulo, anaima chonyomphera pa zala, n'kulowetsa mkono mpaka paphewa. M'kati munali mozizira. Anapapasa. Pulasitiki, nsapato, zipi ya jekete. Kenako nsonga za zala zake zinakhudza kanthu kofewa, kofunda, kothothoka pakati.

"Ndakapeza! Anti, ndakapeza!"

Anakagwira. Pamenepo, kuchokera m'katimo, kanthu kena kanamugwira iyenso. Sikanali kadzanja kamphamvu. Kanali kakang'ono, tizala take tosakwana n'kuzungulira chala chake chimodzi. Kanagwira monga amagwirira mwana wakhanda, osafinya, koma osasiya.

Kachitseko kanatsika pang'onopang'ono n'kumupana paphewa.

Esnat anafuna kukuwa, mawu osatuluka. Nkhope yake inali itagunda chitsulo, sakanatha kucheuka. Kumbuyo kwake anamva munthu akudzuka movutikira, mawondo akulira. Fungo lija linayandikira. Kenako chitsulo chozizira chinakhudza msana wake.

Khwe. Khwe. Khwe.

"Usagwedezeke, ndingakucheke."

Mphepo inalowa pamene panachoka nsalu. Kunakhala chete, kumangomveka ulusi ukukokedwa. Kenako sizasi inabweranso, pena paphewa, pena m'chiuno, pena kumpendero. Esnat anaima choncho usiku wonse, misozi ikuuma ndi kuzizira, tizala tija tili gwa pa chala chake. Sanadziwe nthawi imene fungo linachoka.

Pafupi ndi malo amenewo pali pokwerera basi. Basi yoyamba yopita kubwalo la ndege imanyamula anthu ambiri a kwathu, okonza m'maofesi, onyamula katundu, ophika. Ndiwo anamuona kukuyamba kuyera. Poyamba ankayesa chidakwa. Atayandikira, mayi wina anagwira pakamwa.

"Si amayi a chair awa?"

Anali atapachikika pa chibini, silipasi imodzi itavuka, milomo itachita buluu. Diresi lake logonera linali mabowo okhaokha, kutsogolo ndi kumbuyo, thupi lonse lili pamtunda. Pambali pake panali sutikesi yotsegula, yodzaza zitenje. Chofunda panalibe. Pa tala panali ponyowa paliponse.

Anthu anamuzungulira, koma palibe anamukhudza. Kwathu munthu wopezeka m'bandakucha ali chomwecho, pamalo posayenera, amadziwika dzina lake. Mnyamata wina anatulutsa foni n'kuyamba kujambula. Mayi amene anamuzindikira uja anawerama pa sutikesi n'kutukula chitenje chimodzi.

"Ichi ndinawagulira Anti Tusa ndine. Ku Limbe."

Esnat anatseka maso. Anapempha Mulungu kuti amutenge pomwepo.

Galimoto ina yaing'ono inaima. Munatuluka Mavis, atavala jekete lalitali lofiirira pamwamba pa yunifomu yake ya kuntchito. Anadutsa pakati pa anthuwo. Anavula jeketelo n'kumufunditsa Esnat. Kenako anatembenukira mnyamata wa foni uja, n'kumuyang'ana mpaka anaitsitsa. Anagwira kachitseko kachitsulo ndi dzanja limodzi. Kanakwera mosavuta, ngati sikanapanepo munthu.

Mkono wa Esnat unatuluka uli wouma ngati mtengo, chibakera chili chofumbata. Mavis anamufumbatula chala chimodzichimodzi. M'dzanjamo munalibe kanthu.

M'galimoto Mavis anayatsa chotenthetsera. Ananyamuka. Mano a Esnat ankagundana. Atakhota kulowa mumsewu wa kwawo, chitseko cha nyumba chikuoneka chili chitsegukire, Esnat analankhula akuyang'ana pansi.

"Mavis. Kansalu ka Yande ndinataya. Zonse ndinataya m'bini muja. Tsiku lomwe munandifunsa n'kuti nditataya kale."

Mavis anaimitsa galimoto. Manja ake anakhalabe pa chiwongolero.  Esnat ankadikira kutukwanidwa, ngakhale pama. Akanalandira ndi manja awiri.

"Fikani mugone," anatero Mavis pomaliza. "Ine nachedwa ku nchito."

Esnat anatsika, n'kuyamba kuvula jekete kuti abweze.

"Iyayi. Musabweze."

Galimoto inapita.

Dzuwa lisanafike pamutu, kanema uja anali atazungulira mafoni onse, kuyambira ku Swords mpaka ku Citywest, ndipo madzulo ake anali atafika ku Lilongwe kwa apongozi ake. A Ellard anamuonera kuntchito, pa foni ya mnzawo. Atafika kunyumba anamva nkhani yonse kuchokera pakamwa pa mkazi wawo, ndipo anangokhala pamasitepe atagwira mutu. Sabata yomweyo anthu anayamba kubwera kudzafunsa zovala za abale awo. Esnat ankawalandira pakhomo mmodzimmodzi, n'kunena mawu omwewo. Ena ankalira. Enos, bambo wamkulu ndi ndevu zake, anangoti, "Anali malaya okhawo," n'kubwerera. Udindo wa wapampando anautula asanauzidwe.

Za usiku umenewo anthu amanena zosiyanasiyana, ndipo amanena motsitsa mawu. Ena amati ankaba zovala za osauka, bini inamugwira. Ena amati mutu unasokonekera ndi mashifiti, anadzidula yekha zovala n'kuyenda ali m'tulo, poti dziko lino limapengetsa anthu ambiri. Ena amati anali paulendo wa usiku, mafuta anamuthera pamwamba pa sitolo. Koma amayi achikulire a ku Ballymun, amene ankawadziwa bwino malemu, amapukusa mutu. Amati Tusajigwe sanasiyepo ntchito ya munthu ili theka, ndipo imfa si chifukwa chokwanira kuti ayambe lero.

Kudula sikunathe. Kunangochepa. Pamatha sabata, mwina mwezi, kenako Esnat amatsegula kabati n'kupeza chibowo chatsopano. Zovala za a Ellard zinasiya kukhudzidwa, ndi zake zokha. Akagula diresi latsopano limakhala lamphumphu mpaka atalivala kamodzi. Pali chovala chimodzi chokha m'nyumba monse chimene sizasi ija sinachikhudzepo, ndipo ndi chokhacho chimene chimabisa mabowo a zina zonse.

N'chifukwa chake mukapita kutchalitchi kwawo Lamlungu, kaya ndi nthawi yozizira kaya yotentha, mudzaona mayi atakhala benchi yakumbuyo, pafupi ndi chitseko, atavala jekete lalitali lofiirira lomangidwa mabatani mpaka m'khosi. Mpingo wonse umadziwa mwini wake wa jeketelo. Mwini wakeyo amakhala kutsogolo, mbali ya kwaya, ndipo sacheuka.